Undisungireko Istanbul

Kalata yoitana inali ndi dzina lako lokha, Nangozo.
Ine ndinabwera ngati chikwama chachiwiri,
chija amachiyeza pasikelo n'kuchimata kapepala.

M'mawa uliwonse unkavala chingwe chabuluu m'khosi,
dzina lako likulendewera pachifuwa,
n'kulowa m'holo momwe akatswiri a mapaipi a madzi
ankatsutsana za dzimbiri mpaka dzuwa kupendeka.
Ine unkandisiyira mapu, kiyi wa chipinda,
ndi lamulo limodzi:
usakaone zonse wekha, undisungireko.

Kodi mzinda amausunga bwanji?

Lolemba ndinakwera sitima yapamadzi ya ku Kadıköy.
Mphindi makumi awiri basi,
wachoka ku Ulaya, waponda Asia,
tiyi asanazizire n'komwe.
Mbalame zoyera zinkatilondola zikukuwa,
mayi wina akuziponyera nyenyeswa za buledi wachitowe.
Ndinatsinzina diso limodzi
kuti theka la zonsezo likhale lako.

Lachiwiri, pa mlatho wa Galata,
wopukuta nsapato anagwetsa burashi patsogolo panga.
Ndinamutolera. Anagwira pamtima, nati dzina lake ndi Nevzat,
nati m'bale, bweretsa phazi, ndikuthokoze.
Kuthokozako kunandidyera ndalama ya nkhomaliro.
Chifundo chidapha nkhwali, ndikudziwa,
koma nsapato zanga sizinawalepo chonchi
chichokereni tsiku la ukwati wathu.

Mayi Gülsüm wa pakalesitilanti ka pangodya
anandithirira tiyi m'kagalasi kokhala ndi chiuno.
Analoza mphete yanga, nakweza zikope: ali kuti?
Ndinaloza wotchi.
Anaseka, naloza mwamuna wake
akusinza kuseri kwa kauntala, mphaka ali pamiyendo,
ngati akuti: ena ali pafupi, komabe kulibe.

Madzulo unkabwera nsapato zili m'manja,
mapazi otupa, mutu wodzaza manambala.
Ndinkayamba kukusimbira,
koma unkagona sitima yanga isanafike tsidya lina.

Lachitatu ndinaima pakhomo la Yerebatan,
nkhokwe ya madzi yapansi pa nthaka.
Ndinali pamzere, ndalama ili m'manja,
kenako ndinapatuka.
Iyi ndiye sindikanatha kuidula pakati.

Lachinayi msonkhano unatha thu koloko,
ndege yathu inali ya pakati pa usiku.
Unaiwala kuvula chingwe chija.
Tinatsika masitepe onyowa, kunja kukuchepa kumbuyo kwathu,
ndipo mizati inayamba kutuluka mumdima
umodzi umodzi, mazanamazana,
mapazi ake ali m'madzi.
Dontho linagwa kuchokera kudenga, tho!
pamphumi pako penipeni.

Sunandigwire dzanja ayi.
Unandisiya, n'kuyenda wekha ukuyang'ana kumwamba,
milomo ikuwerenga chamumtima,
ukufunsa njerwa kuti anazimanga ndi matope anji,
madziwo ankayenda mtunda wautali bwanji
kuti afike pano opanda injini.
Foni yako inakhala duu m'thumba;
abwana ako ndi lipoti lawo
sakanatha kutsika mpaka kuno.

Masiku anayi ndinaona mizikiti, misika ya zonunkhira,
asodzi atandandalika pamlatho ngati mano a chipeso,
koma nkhope iyi,
ya mkazi amene wakumana ndi anzake apantchito
omwe anamwalira zaka chikwi ndi theka zapitazo,
sindinaionepo m'zaka khumi ndi zitatu
zimene takhala tikumwera kapu imodzi.

Titatuluka tinagula nsomba yowotcha ya m'buledi ku Eminönü,
anyezi akugwera pajekete lako la msonkhano.
Unati tikwere sitima ija, nthawi ilipo.
Tinakwera.
Usanamalize kunena kuti taona mbalamezo,
mutu wako unali kale paphewa langa.

Ndinausiya mzindawo udutse pang'onopang'ono,
maso onse awiri ali otsegula,
phewa litachita dzanzi,
osasuntha.