Wokazinga Aphunzira Kuwiritsa

Zaka khumi ndi zinayi ndaima pa chiwaya pa Kamwendo,
utsi m'maso, mafuta m'zikhadabo.
Makondakitala amandidziwa ndi fungo ndisanatulukire.
Mwana woyamba anaphunzira ndi tchipisi,
malata a nyumba yathu ndi nthumbwana za mbuzi.
Lero kwanga komwe mafuta sawoloka pakhomo.

Elube anabwera nako kapepala kuchokera kuchipatala cha pa boma,
kopindidwa kanayi, konyowa ndi thukuta la m'manja.
Akuti m'ndulu mwake muli timiyala.
Ndinayamba ndaseka:
miyala ilowa bwanji mwa munthu wopeta mpunga kawiri?
Iye sanaseke.
Anagwira pansi pa nthiti za kumanja,
paja pamam'dzutsa usiku ngati wabayidwa ndi nsungwi yosongola.

Ndinawerenga ndi chala.
Zokazinga, ayi.
Khungu la nkhuku, ayi.
Majarini, mapeyala, chikasu cha dzira.
Pamunsi, ndi bolopeni yofiira, anesi a Kamchacha anawonjezera:
nsinjiro.
Nsinjiro, ku Mchinji kuno!
Kuchipinda kuli matumba asanu ndi awiri a mtedza,
anakumba yekha, kuthothola yekha mpaka zala kuchita matuza,
lero mtondo wagona chafufumimba kuseri kwa chitseko.

Sabata yoyamba ndinam'phikira madzi.
Sindikunama: nkhwani, madzi, mchere, basi.
Anadya mwaulemu, ngati ali pamaliro a eni,
nkunena kuti zikomo.
Zikomo ameneyo anandiwawa kuposa mafuta othovokera pamkono.

Ndiye ndinayamba kufunsa, ine katswiri wa moto.
Nachisale wogulitsa tomato anati,
"Muwotche kaye pamakala mpaka khungu lisupuke,
msuzi wake umalemera wokha."
Mlonda wa pasitolo ya feteleza, a Lufeyo,
amene shuga anawalanda tiyi kalekale, anati,
"Anyezi ali ndi misozi yakeyake.
Chepetsa moto, vundikira, usam'fulumize,
akafuna kupserera um'dontheze madzi pang'ono."
Ine wozolowera kuti mbale ituluke basi isananyamuke,
ndinakhala pachitsa kudikira anyezi mmodzi.

Lachiwiri nyemba ndinazisupula makoko, ndikuzipota chipere.
Lachitatu mbatata m'phulusa, therere la chidulo pambali.
Tsiku lina chidali cha nkhuku, chosenda,
chowiritsa ndi adyo, ndimu wofinyira pamwamba;
khungu ndinapatsa ana kuseri kwa khitchini,
ndinawauza atafune osamveka.
Zina zinakanika.
Mabilinganya owiritsa ngakhale galu anawanunkhiza nkuchoka.
Dzira lopanda chikasu analiyang'ana nthawi yaitali
nati likuoneka ngati munthu wometedwa nsidze.

Mvula itagwa kawiri, bowa anatulukira pamsewu wa ku Mkanda.
Ndinagula mulu wa faivi handiredi kwa kamnyamata kopanda nsapato.
Tomato wowotcha uja, anyezi woleza mtima uja, bowa, mchere.
Elube anadya osanena zikomo.
Anangokankhira mbale kwa ine, ili mbee,
nati, "Watsala?"
Usiku umenewo anagona mpaka atambala.

Tsiku la opaleshoni akuti tidzamva mwezi wa mawa.
Kapepala tinakabaya pamsomali, pansi pa kalendala,
mzere wa zoletsedwa sunafupike,
koma kuseri kwake ndalembako zanga ndi pensulo ya mwana,
zafika khumi ndi zitatu.

Madzulo ndikatseka chiwaya ndimadzera pamjigo,
ndimasamba m'manja katatu ndi sopo wochapira
kuti fungo lisam'zunze.
Dzulo anandigwira pakhomo ndisanavule malaya a ntchito.
Anaika mphuno pakolala,
natseka maso, nakoka mpweya pang'onopang'ono.
"Awa usachape lero," anatero.
"Anesi sanalembe zonunkhiza."