Chaka cha Madzi

Foni inakufunsa kuti unabadwa liti,
iwe n'kuwonjezera zaka zisanu ndi ziwiri
ngati wamakala woika miyala pansi pa thumba,
ndipo inakhulupirira.
Sinakuyang'ane m'kamwa kuona dzino longomera kumene,
sinaone yunifolomu ya Sitandade 5 ili pachingwe.
Inangoti: lowa.

Fanita, ine zaka zako ndimaziwerenga pakhoma.
Mzere wa matope wodutsa pakati pa zenera la shopu yanga
pano pa Bangula, ndinausiya dala osaupaka laimu.
Unabadwa madzi ali pamenepo,
m'tenti ya buluu, pabwalo la sukulu,
amayi ako atatsamira thumba la ufa wa chithandizo.
Mpaka lero mutu wako sunaufike mzerewo
ngakhale utaima panjerwa.

Ndimatchaja mafoni a anthu tsiku lonse,
makumi atatu pa sola imodzi.
Ndimadziwa ya aphunzitsi, ya wogula thonje, ya mayi wa milamba youma.
Yakale ija ndinakupatsa kuti tochi yake izikuunikira makope usiku,
osadziwa kuti ili ndi khomo kuseri.

Lachitatu unaiiwala pabenchi. Inalira kawiri.
"Mwana wabwino, mayunitsi aja walandira?
Usawauze akunyumba, izi ndi zathu.
Tanditumizira chithunzi, undiuzenso
njira yomwe umadzera poweruka kusukulu."
Dzina akuti Malume a ku Limbe, nkhope yake galimoto yofiira.
Kunja kunali dzuwa la Okutobala,
lija mbuzi zimabisala pansi pa ngolo,
koma ine msana unazizira.

Ku Mtayamoyo, Alufandika sapereka nkhafi kwa mwana
ngakhale alumbire kuti wakula.
Amagwira mkono, amayang'ana phewa,
amati ubwerenso mapira akacha kawiri.
Iye anaonapo madzi ali phee ngati mphasa
pomwe pansi pagona ng'ona.
Ng'ona sifunsa chitupa.
Imangodikira yemwe madzi amufika m'mawondo.

Ndinafuna kuiponya mu Shire foniyo.
Ndinafuna kukukalipira mpaka msika wonse umve.
Koma utafika, fumbi m'miyendo, malambe m'tsaya,
unaona nkhope yanga n'kuyamba kulira ndisanayankhule.
"Anzanga onse analemba choncho, ababa.
Ukalemba zoona amakutsekera."

Amakutsekera, eya.
Nanenso khola ndimatseka dzuwa likalowa,
sikuti ndimadana ndi anapiye.

Tinakhala pabenchipo mpaka udzudzu wa kudambo unatipeza.
Unandionetsa zonse, chala chikunjenjemera,
ine katswiri wa mabatire, mbuli pa izi.
Tinamutsekera malume wopanda mudziyo.
Nambala yake ndinailemba pa katoni ya sopo
kuti kukacha ndikaisiye kupolisi,
kwa mayi uja amamva nkhani za ana chitseko chili chotseka.
Kenako tinafufuta chaka chabodza chija.
Unalemba chenicheni, chaka cha madzi,
foni n'kukana: sunafike.
Unandiyang'ana ngati ndakulanda chakudya pakamwa.

Sindinakuletse kukwiya. Kwiya ndithu.
Nanenso ndadzikwiyira, mwanawe,
ndinakupatsa bwato ndisanafunse kuti kutsidya kuli yani.
Koma zaka sizigulidwa pakauntala ngati mayunitsi,
sukanda kapepala n'kupeza khumi ndi zisanu ndi zitatu.
Zimabwera wapansi, zikupumira m'mithunzi ya milambe,
ndipo zikafika sizibwereranso.

M'mawa mwake ndinatola khala pambaula,
ndinakuimika kukhoma wopanda nsapato,
n'kulemba pomwe mutu wako walekezera.
Pakati pa khala ndi matope patsala zikhatho zitatu.
Iwe ukuti ziwiri ndi theka,
ukuti chikhatho changa ndachipinda dala.
Makasitomala atiseka, ena ayesako ndi zawo.
Foni ili m'dilowa, ikutuluka ine ndili pompo.
Za theka lija tikukanganabe.