Mzere Wachisanu ndi Chiwiri

Ndinanyamuka ku Sadzi mame asanakamuke,
ndalama ya fomu ili pamfundo ya chitenje.
Likangala anali wofiira ndi mvula ya usiku.
Wakabaza anandiitana kawiri, ndinati ndiyenda,
miyendo iyi sinayambe yandilipiritsapo.

Malowo ali kuseri kwa chigayo ku Matawale,
shedi ya malata, kale ankasungiramo feteleza.
Pachitseko analemba ndi choko:
Kalembera wa akulu, kusula ndi kuwotcherera zitsulo.
M'katimo munkanunkha dzimbiri ndi utuchi
ndi kafungo kena ngati machesi ongozima kumene.

Mtsikana wa patebulo, Ndaziona, wa ndolo imodzi,
anandiyang'ana kuchokera kumpango mpaka kumapazi.
"Mwadzalembetsa mwana, mayi?"
Ndinati mwanayo ndi uyu waima panoyu,
wa zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri.
Anaseka, nagwira pakamwa, nandipatsa cholembera.

Dzina: Felesiya Namakhwa.
Sukulu: Sitandade sikisi. Apa dzanja linalemera.
Womudziwitsa pakagwa ngozi:
ndinafika pakati pa dzina la bambo a Limbikani
cholembera chisanakumbuke
kuti tinawaperekeza chaka chatha, mwezi wa mphepo.
Ndinafufuta. Ndinalemba mlamu.

Mzere wachisanu ndi chiwiri:
Mukufuniranji maphunzirowa?
Kampata kake kotalika ngati chala chimodzi.
Chikwanamo bwanji chitseko changa
chimene ndimatsamiza mtondo usiku uliwonse
chithothokereni mahinjesi?
Akwanamo bwanji mmisiri wa ku Chinamwali
amene anadya ndalama yanga ya felemu
ndipo akandiona patali amathawira kuchimbudzi?
Nanga wilibala ya malemu, yothyoka mwendo,
imene nkhuku zayesa chisa?
Ndinalemba liwu limodzi: Chitseko.

Mphunzitsi atatulukira m'phokoso, ndinamuzindikira.
Twaibu! Kamnyamata ka mamina kaja
ndinkakakongoza zitumbuwa pageti ya pulayimale.
Lero ndevu, ovolosi yabuluu, pensulo pakhutu.
"Ndikadali ndi ngongole ya zitumbuwa zitatu," anatero.
Ndinati zinayi.

Anandiveka chigoba cha galasi lakuda.
Dziko lonse linazima,
phiri, shedi, Ndaziona, ngakhale manja anga.
Ndinamva mtima ukugunda m'makutu.
"Musavule, mayi. Dikirani."
Ndiye m'mdima umenewo munabadwa kadzuwa kobiriwira,
kakuthetheka ngati usipa m'mafuta,
kakuyenda pang'onopang'ono pakati pa zitsulo ziwiri.
Nditavula, zinali chitsulo chimodzi.

"Yesani."
Ndodo inakakamira. Ndinakoka, inakakamiranso.
Mbaliwali inandiluma pachala chaphazi,
ndinatchula dzina la mayi anga.
Anyamata awiri a pabenchi anayang'ana kudenga.
Kachitatu kadzuwa kanavomera, kanthawi kochepa,
ndipo msoko wanga unatuluka ngati zitosi za nkhuku.
Twaibu anaumenya ndi hamala. Unagwira.
Anaumenyanso. Unathyoka.
"Lachitatu," anatero, "ugwira kawiri."

Pomwepo magetsi anathima.
Chigayo chinakhala chete, tinamva mbalame.
Palibe anadandaula. Anatulutsa tepi,
tinakhala pansi pa mtengo wa mapeyala
kuphunzira timizere ting'onoting'ono
tokhala pakati pa wanu ndi thuu,
timene moyo wanga wonse ndinkatidumpha.

Anandipatsa kapepala ka malamulo:
nsapato zotseka, zovala zosakhala za nayiloni,
osachedwa.
Jombo za malemu zili pansi pa bedi.
N'zazikulu, ndiikamo nsanza kuzala.

Madzulo ano ndayeza khomo ndi chingwe cha saka,
ndamanga mfundo m'litali, ina m'lifupi.
Limbikani wafunsa ngati ndazungulira mutu.
Mtondo ndautsamizanso, inde,
koma ndaunong'oneza ndikuukankha:
pirira miyezi itatu, mnzanga,
ubwerera kukasinja.