Khosi la Pikapu

Anabwera Lachiwiri, mphepo ya ku Nebraska ikumenya zitseko za galaja,
pikapu itasenza mitolo inayi ya udzu wa ng'ombe
ndi galu wokalamba wokana kutsika.
Orrin Haskett, imvi mbuu,
chipewa m'manja ngati walowa m'tchalitchi.
Amvekere: Twyla, ndikufuna izilira ngati galimoto yamjaha.

Ndinaseka, sindibisa.
Ndinagogoda sayilensa ndi sipanala, dzimbiri n'kuyoyoka.
Ndinati, bambo Haskett, mawu sakhala m'paipi,
amabadwira mu injini, momwe masilinda amalandizirana moto.
Paipi ndi khosi chabe.
Ng'ombe yanuyi ngakhale muipale kummero
kulira kwake kudzakhala kwa ng'ombe basi.
Iye anangoyang'ana pansi, n'kusolola envelopu
ya madola opindikapindika, ena onunkha dizilo.

Ndinaikweza m'mwamba.
Chimgolo chakale ndinachidula, chinagwa kuti khu!
M'kati mwaye wa zaka makumi awiri ndi chisa cha mbewa.
Mapaipi awiri ndinawapingasa
kuti utsi wa kumanzere ukumane ndi wa kumanja,
ukangane, ugwirizane,
kukamwa ndinachepetsako kuti mawu akwere,
ndinawotcherera mpaka m'maso mwanga munadzaza nyenyezi zobiriwira.

Titailiza koyamba inatsokomola ngati nkhalamba ya fodya.
Kachiwiri mawindo ananjenjemera, galu n'kubisala pansi pa mpando.
Orrin anatsinzina, mutu atapendeketsa.
Kwezaniko pang'ono, kumapeto kuja izisasa mawu,
ndikachotsa phazi izithetheka, tha tha tha.
Tinakhala mpaka magetsi a mumsewu anayaka.

Sabata yonse tauni inandida.
Mayi Lindqvist a ku positi anati khanda lawo silikugona,
wapolisi anamwa khofi wanga osamwetulira,
ana a ng'ombe a kwa Tuttle anathyola mpanda.
Ndipo ndikudziwa mmene imalilimira pa msewu waukulu,
phokoso lolowa m'mano, lotsala m'mutu mpaka pogona.
Ndinkadikira kuti abwera kudzapempha sayilensa yake.

Anabweradi, koma ndi mazira khumi ndi awiri.

Anati ku nyumba yosamalira okalamba, pa msewu wa ku Ogallala,
chipinda chachitatu kuchokera kumapeto, kuli Verna.
Dzina la mwamuna wake analitaya chaka chatha,
la mwana wawo linatsatira.
Koma kalelo, asanabereke, asanalowe m'ngongole ya thirakitala,
kunali kagalimoto kofiira ka mipando iwiri
komwe kankaima usiku pa geti la bambo ake,
ndipo Verna ankakamva kadakali kutsidya kwa njanji.
Anakagulitsa chaka cha chilala, ng'ombe zikanafa.

Ndinafunsa: ndiye wakumbuka?

Orrin anakanda galu kukhutu.
Ayi. Ndinadutsa katatu, giya yachiwiri,
anamwino akundiloza chala.
Nditalowa ndinampeza pa windo, atavala nsapato zonse ziwiri,
tsitsi atapesa mbali imodzi.
Akuti: kunjaku kuli chitsiru china chikusokosa,
bambo anga akachimva achithamangitsa ndi mfuti.
Kenaka anaseka, kuseka kwake kuja kogwira pakamwa,
n'kundifunsa ngati chibweranso mawa.

Mazira ndinawaika pa shelefu, pambali pa ndodo zowotcherera.
Paipi ya kumanjayo ikugunda chitsulo cha pansi, ndinamuuza,
mubwere nayo Lachisanu ndidzaimange.
Sayilensa yakale ija idakali kuseri, mu udzu.
Mbewa zabwereramo.