Wauta Wopanda Muvi

Tinakapeza pansi pa bokosi la misomali,
ine ndi Thimio, patatha masiku atatu titaika bambo:
kachiboliboli ka mkuwa, kokwana m'dzanja,
kolemera kuposa msinkhu wake.
Kumtunda munthu, kumunsi hatchi,
uta wokokedwa mpaka kukhutu,
koma muvi palibe.
M'mizere ya mchira munali mutabiriwira ndi zaka.

Thimio anati, Kataye, n'zinyalala za pamsika wa ku Volosi.
Ine ndinakalowetsa m'thumba la jasi.

Anagula ndi mayi, akadali pachibwenzi,
poti bambo anabadwa Disembala atangoyamba,
nyenyezi za wauta zili pampando.
Garufalia ankakhulupirira nyenyezi.
Zisi ankakhulupirira nyulu zake zinayi
ndi madengu a maapozi otsika nawo kudoko.

Kusukulu anatiuza kuti phiri lathuli, Pilio,
kalekale linali la anthu a ziboda.
Tsiku lina anaitanidwa ku ukwati,
atangonunkhiza vinyo, mitu inazungulira,
mbale zinauluka, mkwatibwi anakokedwa tsitsi.
Koma panali mmodzi wokhala yekha kuphanga,
wodziwa muzu uliwonse ndi dzina lake,
wolera ana a eni, wochiza mabala a eni,
amene muvi waululu unamulasa mwangozi
nakhala ndi chilonda chomukana iye mwini sing'anga.
Aphunzitsi anafunsa: Ndani atiuze kusiyana kwa awiriwa?
Sindinakweze dzanja.
Onse awiri ankadya pa tebulo lathu.

Ndinamuona usiku wa chipale chofewa
atagwada m'khola, nyali ili pansi,
akumanga masamba ofunda pa mwendo wotupa wa nyulu,
akuinong'oneza mawu amene ife sitinawalawepo.
Ndinamuonanso pa ukwati wa Stamatia,
tsipuro itafika m'maso,
akugubuduza tebulo ndi nyama yomwe,
woimba chitoliro akuthawira pazenera,
mayi akutola magalasi mmodzimmodzi
ngati akutola maolivi a mwini munda.
M'mawa mwake anatenthetsa madzi
natsuka mapazi a mayi osanena kanthu.

Tsopano ndili pakhonde, ndimu ndi mchere m'mbale,
ndikupukuta ndi sokosi yake yakale.
Chifuwa chawala. Nthiti zawala.
Ndikufunafuna ndi chikhadabo
pamene munthu athera, pamene chilombo chiyambira,
msoko, kamzere, ngakhale kachipsera ka nkhungu ya wosula.
Palibe.
Amene anaumba kanthuka anapala bwino pachiuno,
anadziwa kuti tidzafufuza pomwepo.

Mdima ukagwa, chilimwe chino,
wautayo amatuluka chakummwera, pamwamba pa nyanja,
nyenyezi zomwazika zimene mayi ankazilumikiza ndi chala:
apa bondo, apa phewa, apa nsonga.
Ine ndimangoona timadontho.
Kulumikiza kunapita ndi chala chawo.

Dzulo Thimio anabwera kudzatenga zishalo.
Anakaona pazenera, kakunyezimira,
anakanyamula, nakatembenuza kawiri.
Muvi wake uli kuti? anafunsa.
Ndinati mwina unathyoka m'bokosi,
mwina sunakhalepo n'kale.
Iye anaseka pang'ono, kuseka kopanda mano,
dzanja lake likupita lokha
pa chipsera cha pamwamba pa diso,
cha chaka chija anasiya chipata chotsegula.

Anakabweza pamalo pake.
Koma anakapotoza pang'ono,
kuti uta uloze kuphiri.