Nyenje m'Khutu la Bambo

Bambo anga a Zdzisław anakhoma zitsulo za sitima
padoko la Gdańsk zaka makumi atatu ndi zinayi.
Zotsekera m'makutu zinkakhalira m'thumba la ovolosi.
Ati mmisiri amamva ndi khutu
chitsulo chikafuna kung'aluka.

Zinayamba kuzilala ndi mbalame za panyanja:
kukamwa yasaa, kulira osamveka.
Kenako mluzu wa ketulo.
Kenako mayi, poitana ali kukhitchini,
mpaka anazolowera kungowakodola paphewa.

Chinatsala ndi nyenje.
Imodzi yokha, m'khutu la kumanzere,
yolira ngakhale chipale chofewa chitakuta msewu wonse,
yosadziwa Lamulungu, yosaweruka.
Dokotala anajambula mzere wotsetsereka papepala
nati, "Apa sipaphukanso."

Lero mwana wanga Jagoda wayamba yowotcherera
m'shedi yomwe ija.
Agogo ake amuperekeza mpaka pageti,
jombo zikumira m'chipale,
namufumbatitsa timipira tiwiri tachikasu,
osalankhula, kungoloza makutu.
Mtsikanayo wafunsa kanthu, akuseka.
Iwo ayang'anitsitsa milomo yake,
agwedeza mutu,
nayankha funso lina.