Msewu Ukatsekedwa

Mwabwera pa basi ya m'mawa yochokera ku Dublin? Mwachita bwino.
Ikangokwana naini, Ultan Garrahy amamanga chingwe pa mlatho,
ndipo msewu uno, umene sabata yonse umanyamula mkaka ndi ana a sukulu,
umaleka kukhala wathu mpaka madzulo.
Kapepala aka ndi mayuro asanu. Ndalamazo n'za ambulansi.

Pa mapu umaoneka ngati nsapato yakutha,
makilomita asanu ndi awiri, ngodya khumi ndi zinayi.
Mapu sanena za mabampu.
Sanena kuti kuseri kwa tchalitchi phula limachita thukuta
ngakhale mvula italeka dzulo,
kapena kuti kasupe wa a Tierney amadutsa pansi pa msewu
n'kuutukumula ngati msana wa ng'ombe.
Pamenepo njinga zamoto zimauluka, matayala onse awiri m'malere,
munthu ali chigonere pa thanki, kenako phi! wapita.

Ngati mukufuna phokoso, kaimeni pa khoma la manda.
Akufa sadandaula, anazolowera.
Mudzayamba kumva ngati njuchi zasochera kutali,
kenako chifuwa chidzanjenjemera musanadziwe chifukwa,
ndipo mukati mucheuke, zadutsa kale,
zangokusiyirani fungo la mafuta opsa ndi masamba akuyoyoka.
Ngati mukufuna nkhope, pitani pa ngodya ya bala,
pamene amapendeka mpaka bondo kukhudza phula.
Maso awo mudzawaona m'galasi la chipewa. Saphethira.

Musakhale pa mitolo ya udzu. Si mipando,
ndi yoti munthu akaphonya agwere pofewa.
Galu, ngati muli naye, m'tsekereni m'galimoto.
Mbendera yachikasu ikakwera, bwererani m'mbuyo.
Yofiira ikakwera, musafunse munthu kanthu.

Tiyi ali m'holo ya parishi, kwa Bríd Mulvey ndi apongozi ake,
ndi buledi wopaka batala wokhuthala ngati chala.
Chimbudzi chili kuseri. Chitseko chake chimamva bondo basi.

Mwaloza nambala naini. Ayi, pamenepo salola anthu.
Palibenso choona: geti lobiriwira, mtengo umodzi, ngalande.
Getilo ndimalipaka utoto ine, chaka chilichonse mu Meyi.
Mlongo wanga Fiachra ankati ngodya imeneyo njosavuta,
bola uziyang'ana kotulukira, osati khoma.
Ankakonza mathirakitala, zala zili bii ngakhale pa ukwati wake.
Chaka chimenecho anali pachitatu, akuzungulira kachinayi.
Ine ndinali pompano, timapepala ngati iti m'manja,
ndikuwerenga njinga zikamadutsa, monga timachitira tonse kuno,
ndipo inaperewera imodzi.
Ndinawerenganso ulendo wotsatira, ngati ndalakwitsa ndine.

Atolankhani amandifunsa chifukwa chake ndimagulitsabe.
Ndimasowa chowayankha. Mitolo imafuna wonyamula,
mpanda umafuna wosadza,
ndipo mwana wake Sorcha wavala kale zachikopa,
ali uko pa tenti yabuluu
akukangana ndi makaniko pa nkhani ya matayala,
manja m'chiuno, ndendende bambo ake.
Nambala sate wani. Mukamuonere ndinu.
Ine sinditha. Ndimayang'ana nsapato zanga n'kumamvera injini,
ndimaidziwa, imatsokomola pang'ono ikamatuluka kuseri kwa tchalitchi.

Madzulo Ultan akamasula chingwe
imayamba kudutsa ndi thirakitala ya a Tierney, mwakachetechete mwake,
kenako ng'ombe zimene zakhala zikulira kutsidya kudikira kukamidwa,
zikuponda mizere yakuda ya matayala, zikuiipitsa osachita manyazi.
Mawa m'mawa ansembe adzadutsa pomwepo pa njinga yakapalasa.

Basi yomaliza imanyamuka seveni koloko pa positi ofesi,
ndipo dalaivala wake sadikira ngakhale mayi ake.
Nazi ndalama zanu zotsala. Wolokani tsopano,
kwatsala mphindi zitatu.